Thangata wa pa Lamya

Pali mau amene amveka kawiri-kawiri masiku ano m'midzi mwathu, pa misika ndi m'mabasi, ndipo ndiwo mau amene ndifuna kutsutsana nao mwezi uno. Munthu akadandaula za Facebook kapena WhatsApp, anzace amseka, nati, "Iwe, cinthu caulere udandaula naco bwanji? Kodi unalipirapo khobidi polowamo?" Onena cotero ayesa kuti atseka pakamwa pa mnzao. Koma ine nditi mau awa si atsopano iai. Makolo athu anawamva kale, ndipo anadziwa mtengo wace.

Akulu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu akumbukira bwino za thangata. Banja likafika pa esiteti ya mzungu, makamaka Alomwe ocokera ku Mozambique, linauzidwa kuti, Mangani nyumba apa, limani apo. Koma dzinja likafika, nthawi imene munda wa munthu ufuna khasu, kapitao anadza, nati, Tiyeni ku munda wa bwana. Lendi ya malowo inali thukuta, ndipo wokana anapasuliridwa nyumba, nathamangitsidwa. Bvuto ili linali limodzi la zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo thangata sanathe mwa lamulo kufikira 1962. Sindinena kuti lamya ikwapula munthu ndi cikoti. Kutero kukanakhala kucepsa masautso a makolo. Cimene ndinena ndi ici, kuti mapangano ace afanana: malo ndi a mwini, malamulo ndi a mwini, zokolola ndi za mwini, ndipo wokhalapo angacotsedwe tsiku liri lonse popanda bwalo lomva mlandu wace.

Tiyeni tiwerengere lendi imene tirikulipira. Kampani ya Meta, ndiyo mwini wa Facebook, inagula Instagram mu 2012 ndi madola 1 biliyoni, nigulanso WhatsApp mu 2014 ndi madola ngati 19 biliyoni. M'caka ca 2023 cokha inalandira ndarama zofika pafupi madola 135 biliyoni, ndipo pa madola 100 ali onse, ngati 98 anacokera kwa otsatsa malonda. Nanga otsatsawo agula ciani? Agula maso athu ndi nthawi yathu. Agulanso njira yotipezera, pakuti kampani idziwa zaka zathu, kumene tikhala, abwenzi athu, ndi cimene tiyang'anitsitsa usiku ena atagona. Msodzi wa ku Nkhotakota saika nyambo pa mbedza cifukwa ca cisoni kuti nsomba ziri ndi njala. Mu 2018 kunabvumbuluka kuti mbiri za anthu ofika mwina 87 miliyoni zinatengedwa pa Facebook, nizifika m'manja mwa kampani ya Cambridge Analytica, imene nchito yace inali yokopa anthu pa masankho. Boma la America linalipitsa Facebook cindapusa ca madola 5 biliyoni mu 2019. Ndaramazo zinalowa m'thumba la boma, ndipo malonda anapitirira monga kale.

Koma lendi iyi si imene indiwawa koposa. Cimene cindiwawa ndi kaweruzidwe ka mau.

Pa bwalo la mudzi, wolankhula ndiye amene mfumu yamloza anthu onse alikuona. Wonama atsutsidwa pomwepo ndi amene amdziwa, ndipo wotukwana alipa nkhuku. Pa Facebook pali kapitao wosaoneka, ndiwo makina owerengera, amene asankha mau oti afike pamaso panu ndi mau oti abisike. Kapitao uyu sanaikidwe kuti afune coonadi, kapena mtendere wa mudzi. Anaikidwa kuti musacoke msanga, pakuti mukakhalitsa muona malonda ambiri. Ndipo ndani sadziwa kuti ndeu isonkhanitsa anthu koposa msonkhano wokonza mjigo? Mu 2021 mai wina amene anagwira nchito pa kampaniyo, Frances Haugen, anaturutsa makalata a m'kati, ndipo makalatawo anaonetsa kuti anchito a kampani eni ace anacenjeza akulu ao kuti kasankhidwe katsopano ka mu 2018 kanakweza mau a mkwiyo ndi ogawanitsa anthu. Anadziwa, sanali m'mdima.

Kumene izi zingafikitse dziko tinakuona ku Myanmar, dziko la ku Asia kumene anthu ambiri, polowa pa intaneti, analowera pa Facebook monga ticita ife. Mau a cidani onena za pfuko la Rohingya anafala pamenepo zaka zingapo. Atolankhani a Reuters anapeza kuti kuciyambi kwa 2015 anthu owerenga madandaulo pa Facebook amene anamva cinenero ca dzikolo anali awiri okha. Kuyambira Ogasiti 2017 asilikari anakantha pfukolo, ndipo anthu oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Ofufuza a United Nations ananena mu 2018 kuti Facebook inathandiza kufalitsa cidanico, ndipo kampani nayo inabvomera caka comweco kuti sinacite zokwanira. Tsono ganizani za Cicewa cathu, cinenero codzala ndi zining'a, cimene munthu angamcule mnzace mfiti, kapena kuutsa pfuko lina pa linzace, osachula liu loipa ngakhale limodzi. Kodi mlendo wokhala ku California, kapena makina ace, adzamva cining'a cimene gogo wa pa mudzi acimva asanathe kuciyankhula wocinenayo? Ndiponso amene alembedwa nchito yosesa zonyansazi si kuti alemekezedwa. Magazini ya Time inalemba mu 2022 kuti ku Nairobi anyamata ndi atsikana oyang'ana zithunzi zoopsa tsiku lonse m'malo mwa Facebook analandira ena a iwo dola imodzi ndi theka pa ora.

Ndipo bwalo la mwini ligulitsidwa. Mu Okutobala 2022 munthu mmodzi, Elon Musk, anagula Twitter ndi madola 44 biliyoni. Patapita masiku owerengeka anacotsa pafupi theka la anchito, nasintha malamulo monga anafuna, ndipo mu 2023 anafafaniza ndi dzina lomwe, nalicha X. Anthu mamiliyoni amene anamanga mbiri zao pamenepo zaka khumi ndi kuposa sanafunsidwe kanthu; anagulitsidwa pamodzi ndi malo, monga esiteti inagulitsidwa ndi mabanja okhalapo. Ena akondwa naye mwini watsopanoyo, ena amuda. Nkhani yanga si ya khalidwe lace. Ngakhale akadakhala wokoma mtima koposa anthu onse, sikuyenera kuti bwalo la maiko ambiri likhale m'thumba la munthu mmodzi, pakuti wokoma mtima nayenso amwalira, kapena agulitsa. Mabwalo ena anangotsekedwa: Yahoo inatseka GeoCities mu 2009, Google inatseka Google+ mu 2019, ndipo zolemba za anthu zosawerengeka zinapita nao. Pa 4 Okutobala 2021 amisiri a Facebook analakwitsa pokonza makina ao, ndipo Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinakhala cete dziko lonse lapansi maora ngati 6; wogulitsa tomato ndi wolengeza maliro anasowa pogwira pamodzi. Olamulira nao anaona kuti khola la cipata cimodzi litsekeka ndi mtengo umodzi. Nigeria inatseka Twitter miyezi 7 kuyambira Juni 2021. Ndipo kwa anansi athu ku Zambia, WhatsApp inatsekedwa pa tsiku lenileni la masankho, pa 12 Ogasiti 2021.

Pano wina adzati, Zonsezi tamva, koma ndimo zikhalira zinthu za makina. Palibe njira yina. Ili ndi bodza, ndipo umboni wace uli m'manja mwanu. Kalata yoponyedwa pa positi ya ku Dedza ifika kwa mwana wathu ku Johannesburg, ngakhale positi ya Malawi ndi ya South Africa ziri ndi eni osiyana. Citheka cifukwa maiko anapangana ku Bern mu 1874 kuti adzalandirana makalata. Wa lamya ya TNM aimbira wa Airtel, nalankhulana bwino-bwino. Makalata a pa intaneti, amene achedwa imelo, ayenda comweco: wa Gmail alembera wa Yahoo popanda kupempha cilolezo. Nanga cifukwa ninji wa pa Facebook sangathe kuyankha mnzace wa pa X? Si kuti makina alephera iai. Ndi mpanda womangidwa dala, kuti wofuna kucoka aope kusiya abale ace m'katimo. Ciyambi ca masamba a pa intaneti sicinali cotero. Tim Berners-Lee, Mngelezi wogwira nchito ku CERN pafupi ndi Geneva, analemba maganizo ace mu 1989, ndipo pa 30 Epulo 1993 CERN inapereka nzeruyo kwa anthu onse popanda mtengo, kuti ali yense amange tsamba lace nalilumikize ndi la mnzace. Eni mipanda analemera pa mseu umene sanaulambule.

Alipo anthu amene ayamba kumanga monga mwa ciyambi cija. Mu 2016 mnyamata wa ku Germany, Eugen Rochko, anaturutsa pulogalamu yochedwa Mastodon. Ndipo mu Januwale 2018 bungwe la W3C, limene Berners-Lee analiyambitsa, linakhazikitsa pangano lochedwa ActivityPub, ndilo lamulo la momwe mabwalo osiyana angalandirane mau. Kayendedwe kace nkotere. M'malo mwa bwalo limodzi lalikuru pali timabwalo zikwi zambiri, kali konse pa kompyuta yace yosungira mau, imene ichedwa seva. Seva iri yonse iri ngati mudzi: iri ndi woiyang'anira, ndi malamulo ace olembedwa poyera. Dzina la munthu likhala ndi mbali ziwiri, lace ndi la mudzi wace, monga keyala ya pa envulopu. Wa mudzi uwu angathe kutsata ndi kuyankha wa mudzi uwo, ngakhale amene aika zithunzi pa Pixelfed kapena akanema pa PeerTube, pakuti onsewa asunga pangano limodzi. Pa Mastodon palibe malo ogulitsidwa kwa otsatsa malonda, ndipo mau a anthu amene muwatsata afika monga mwa nthawi imene analembedwa, osasankhidwa ndi kapitao. Malangizo oyendetsa pulogalamuyo ali poyera, kuti mmisiri ali yense awawerenge, ndi kuona ngati mwabisika msampha. Ndipo cacikuru ndi ici: mukayambana ndi woyang'anira, mungathe kusamukira ku seva yina, ndipo okutsatani asamuka nanu.

Mphamvu ya makonzedwe awa inaoneka mu 2019. Bwalo lina la ku America lochedwa Gab, lodziwika ndi mau a tsankho, linatenga pulogalamu ya Mastodon, pakuti palibe amene akanaliletsa. Koma oyang'anira maseva ambiri, yense pa yekha, anatseka njira yocokera kumeneko, monga midzi ikana kuyenderana ndi mudzi wosunga akuba. Panalibe mfumu yaikuru imene inalamula. Unali mgwirizano wa timabwalo.

Tsopano ndifike kwa otsutsa, pakuti ali nao mau olemera, ndipo sindifuna kuwazemba. Ati, Kumeneko kulibe anthu. Abale athu onse ali pa WhatsApp. Zoona, poyerekeza ndi Facebook timabwaloti ndi tocepa ndithu. Koma mau awa ndiwo mpanda uja ulikulankhula. Banja liri lonse pa esiteti linaopa kucoka cifukwa ena onse analipo. Atinso, Mfumu yaing'ono nayo ikhoza kukhala yankhanza. Inde ikhoza. Woyang'anira seva angatope, natseke, angakondere, ndipo pa Mastodon angathe kuwerenga mauthenga amseri, pakuti sabisidwa monga abisidwa pa WhatsApp kuyambira 2016. Pa ici WhatsApp ipambana, ndipo wonena za cinsinsi ca banja asacilembe pa Mastodon. Wosamuka nayenso asiya zolemba zace zakale m'mbuyo. Zonyansa ziriko ku maseva ena osasamalidwa, ndipo okonda njira iyi amene alankhula ngati kuti kumeneko kuli angelo okha-okha aononga nkhani yao yomwe. Koma taonani kusiyana kwace. Nyakwawa yoipa muidziwa dzina, muifikira pa khomo, muikhoza kuidzudzula pamaso pa anthu, ndipo zikakanika musamuka. Maseva amene alembedwa pa tsamba la Mastodon alonjeza kucenjeza anthu ao miyezi 3 asanatseke. Nanga akaunti yanu ikatsekedwa pa Facebook, mudzagogoda pa citseko ca yani? Kwa eni kulibe mkuwe.

Funso la ndarama ndilo lobvuta koposa, ndipo ndidzakhalitsapo pang'ono. Seva ifuna magetsi, lendi, ndi munthu woisamala. Ngati otsatsa malonda salipira, alipira ndani? Alipira eni ace, monga tilipira pokonza mjigo kapena poumba njerwa za sukulu. Kuyambira 2017 pali seva yochedwa social.coop, imene iyendetsedwa ngati kopareti: mamembala asonkha, naponya voti pa malamulo ndi pa kagwiritsidwe ka ndarama. Wina angati izi ndi za Azungu olemera. Apite ku Mankosi, midzi ya anthu osauka m'cigawo ca Eastern Cape ku South Africa, kumene kuyambira 2012 anthu a m'midzi, pothandizana ndi aphunzitsi a University of the Western Cape, anaimika makina ao oyendera dzuwa, napanga kopareti yochedwa Zenzeleni, ndiko kunena kuti Dzicitireni nokha, yogulitsa intaneti kwa eni mudzi pa mtengo wotsika. Apitenso ku Talea de Castro, m'mapiri a Oaxaca ku Mexico, kumene makampani a lamya anakana kufika, ndipo mu 2013 mudzi unaimika netiweki yace-yace. Anthu amenewa sanatipose ife cuma. Anatiposa kusakhulupira kuti makina ndi a eni okha.

Koma kuno kwathu pali cokhumudwitsa cina, ndico mtengo wa mabandulo. Ali yense wogula bandulo adziwa kuti ya WhatsApp kapena ya Facebook itsika mtengo poyerekeza ndi yotsegula intaneti yonse. Wosauka agula yotsikayo, ndipo sindimtsutsa. Koma potero alowa m'khola limodzi, ndipo tsamba la sukulu, la nyuzipepa yaing'ono, kapena seva ya anthu a kwao zikhala kunja kwa mpanda, kumene sangafike. Izi sizinangocitika zokha. Mu Julayi 2014 Facebook inayambitsa ku Zambia, dziko loyamba pa dziko lonse, pulogalamu ya Internet.org, yopatsa anthu masamba owerengeka osankhidwa ndi kampani popanda kulipira. Caka cotsatira inafika ku Malawi, ndipo pambuyo pace inachedwa Free Basics. Ambiri anaombera m'manja. Koma ku India anthu anakana, nati mlendo asatisankhire masamba oti osauka athu awerenge. Ndipo mu Febuluwale 2016 bungwe loyang'anira za lamya kumeneko linaletsa kuika mitengo yosiyana monga mwa tsamba limene munthu atsegula. India si dziko losowa osauka. Anaona cabe kuti mwana wozolowera kudya pa khomo limodzi ayesa kuti dziko lonse lithera pomwepo.

Pali cenjezo linanso kwa omanga timabwalo. Meta inatsegula bwalo lace lochedwa Threads mu 2023, ndipo mu 2024 inayamba kulilumikiza ndi pangano la ActivityPub. Ena anakondwa, nati cimphona cagonja. Ena anatseka njira msanga. Ine ndiri ndi amene acenjera, cifukwa zotere zinaonekapo. Google inalumikiza kale maceza ace a Google Talk ndi pangano lina loyera lochedwa XMPP, anthu ambiri nalowera pa khomo la Google. Ndipo mu 2013 inaturutsa Hangouts, imene sinalankhulane ndi maseva a ena, ndipo otsala kunja anapeza kuti anzao sawamvanso. Njobvu ikalowa m'dimba mwaulemu, maungu aphwanyika cimodzi-modzi.

Potero ndipempha zinthu zimene zitheka. Sindiuza mai wogulitsa mandasi kuti ataye WhatsApp mawa, ana ace ali ku Joni. Koma mlembi wa kalabu ya alimi, wa banki m'khonde, wa komiti ya sukulu, alembe maina ndi manambala a anthu ace m'buku la pepala, kuti gulu lisafe tsiku limene akaunti ya munthu mmodzi yatsekedwa. Sukulu zazikuru, manyuzipepa ndi mabungwe akhale ndi masamba ao-ao, aike nkhani zao pamenepo poyamba, ndipo pa Facebook angoika cala colozera. Ndi camanyazi kuti ofesi yoyendera msonkho wa anthu ilengeze za mayeso kapena za matenda pa khonde la kampani ya kunja pokha. Boma la Netherlands linaimika seva yace ya Mastodon mu 2023 pa cifukwa comweci. M'makoleji athu muli anyamata ndi atsikana ophunzira za makompyuta, amene caka ndi caka afunafuna nchito yoonetsa luso lao. Aphunzitsi ao awapatse iyi, yoimika seva imodzi ya koleji, kapena ya boma limodzi monga Ntchisi kapena Mchinji. Makina si obvuta kwa iwo. Cobvuta ndi cimene akulu a m'midzi acidziwa koposa anyamata: kulemba malamulo m'Cicewa comveka, kusankha oweruza mirandu oposa mmodzi, amuna ndi akazi, kuika njira yoti woweruzidwa akadandaule kwa ena, ndi kuwerenga poyera ndarama zosonkhedwa. Pa nchito iyi mmisiri wa kompyuta ayenera kukhala pansi ndi nkhoswe ndi anyakwawa, nafunse momwe aweruzira mlandu wa miseche.

Ndipo kwa a MACRA, amene aikidwa kuyang'anira za lamya m'dziko muno, ndi kwa aphungu amene tiwatuma ku Lilongwe, funso langa ndi limodzi, ndipo ndipempha owerenga alifunse pa misonkhano imene akuluwa afika: cifukwa ninji megabaiti yopita ku California itsika mtengo kuposa megabaiti yopita ku tsamba la sukulu ya ku Zomba, pamene zonse ziwiri zidutsa pa nsanja imodzi ya pa phiri lathu? Atiuze amene alipira kusiyanako, ndi pangano limene linalembedwa pa ico. Ndipo ngati palibe cifukwa comveka, bandulo yotsika mtengo itsegule masamba onse mofanana, monga anacita a ku India mu 2016.